Mmene Ndinagwirira Apongozi Anga Kuphiri

Ndinakwatira chaka chachiwiri cha ufulu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Chipangali. Monga mwa mwambo wa kumeneko, ndinasiya kwathu n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi wanga. Ndinali mkamwini, ndipo mkamwini wa masiku amenewo anali munthu wa ntchito zonse zimene eni mudzi sankazifuna: kukumba chimbudzi, kupirikitsa ng'ombe zolowa m'munda, kukwera padenga likayamba kudontha.

Kumtunda kwa mudziwo kunali kaphiri, ndipo m'munsi mwake munali dambo. Pamutu pa dambolo panali chitsime chimene mudzi wonse unkamwa, ndipo kumunsi kwake kunali madimba a mpiru, tomato ndi nzimbe. M'nthawi ya atsamunda phirilo linali ndi mlonda wa boma wovala kabudula wa khaki, amene ankalanda nkhwangwa kwa aliyense wopezeka m'mitengo. Anthu ankamuda koopsa. Ufulu utabwera mlonda uja anangosowa, ndipo amuna a pamudzi anati dziko ndi lathu tsopano, mitengonso ndi yathu. Anakwera phiri ndi nkhwangwa ngati akupita ku ukwati. Ena ankadula mitengo ya zigafa zoyanikamo fodya, ena nkhuni zokagulitsa kumsika wa Kapata ku Chipata, ena ankangodula kuti amve kukoma kodula mtengo popanda kuthawa. Inenso ndinadulako iwiri, sindibisa.

Nditakhala pamudzipo chaka ndi miyezi, chitsime chinauma m'mwezi wa Okutobala. Akuluakulu anati chibadwire chawo sanaonepo pansi pa chitsimecho. Madimba anafota. Amayi anayamba kuyenda ulendo wautali kukatunga kumtsinje, ndipo ankabwerako ndi mtsuko umodzi ndi mkwiyo wodzaza mitsuko itatu. Amuna sitinadandaule kwenikweni mpaka tsiku limene amayiwo anapangana kuti madzi osamba a bambo akhale a m'kachikho kamodzi. Patatha sabata ziwiri, amuna onse anavomereza kuti nkhani ya phiri ndi yofunika kukambirana.

Msonkhano unachitika Lamulungu titatuluka m'mapemphero, pansi pa mtengo wa mango wa pa katchalitchi kathu. Anauyendetsa ndi akatekisiti, bambo woonda wokonda misonkhano, amene Lamulungu lililonse ankavala buluku loyera losita bwino mwakuti ntchentche inkachita mantha kuterapo. Anthu anamanga malamulo: mtengo wauwisi wa kuphiri ndi wa m'mphepete mwa dambo usadulidwe, nkhuni zouma zizitoledwa Loweruka lokha, misampha isatcheredwe, moto usayatsidwe kutchire. Wolakwa adzadzala mitengo pamutu pa dambo n'kumaithirira chilimwe chonse. Anasankhanso komiti, akatekisiti n'kukhala tcheyamani.

Vuto linabwera posankha mlonda. Aliyense amene ankatchulidwa ankati sangathe kugwira mbale wake, ndipo pamudzipo onse anali pachibale. Kenako anaimirira amalume a mkazi wanga, bambo wamimba yaikulu amene anali ndi zigafa zitatu za fodya.

"Tikuvutikiranji?" anatero. "Akamwini athuwa alibe mbale muno. Miyendo ndi yaitali, kusukulu anapitako. Akagwira munthu achita manyazi ndi yani?"

Anthu anaomba m'manja. Mkamwini sakana pagulu, choncho nanenso ndinaomba m'manja. Aphunzitsi a pasukulu anapereka wezulo wakale wa mpira, akatekisiti n'kundiveka m'khosi ngati mendulo.

Amalumewo anaiwala munthu mmodzi: apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mikono yolimba, woumba mbiya ndi mitsuko yodziwika mpaka kumsika wa ku Kapata. Chikwatirire ine ndi iwo tinali tisanayankhulanepo. Mwambo unkafuna kuti mkamwini ndi mpongozi wake azithawana: osayang'anana m'maso, osayankhulana, osayenda njira imodzi. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira mbali ina, ine mbali inayo. Tsiku lina popatuka mwaulemu ndinalowa m'chitedze, ndipo ndinaima momwemo osadzikanda mpaka atadutsa.

Ntchito ya ulonda ndinaiyamba ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndinkazungulira phiri, wezulo uli pachifuwa. Kwa mwezi wathunthu ndinagwira mbuzi zinayi ndi agogo ena ogontha amene ankatola nkhuni Lachisanu poganiza kuti ndi Loweruka. Chodabwitsa n'chakuti zitsa zatsopano ndinkazipeza ndithu, koma eni ake sindinkawaona. Akatekisiti ankandifunsa Lamulungu lililonse kuti ndagwira angati, ndipo anayamba kundiyang'ana ngati munthu amene akungodya ulemu wa wezulo.

Tsiku lina Lachinayi, dzuwa litangokwera pang'ono, ndinamva nkhwangwa ikulira cha kuseri kwa thanthwe. Ndinati lero ndamupeza. Ndinavula nsapato zanga za matayala, n'kuyamba kukwawa m'maudzu. Nditafika pafupi ndinaona nsana wa munthu atawerama patsinde pa mtengo wa mombo, koma masamba ankanditchinga. Sindinadikire. Ndinaliza wezulo ndi mpweya wanga wonse, n'kulumpha ndikukuwa:

"Wagwidwa iwe! Ponya nkhwangwa pansi, wakuba iwe!"

Munthu uja anaweramuka pang'onopang'ono n'kutembenuka. Anali apongozi.

Wezulo unagwa wokha kuchoka m'kamwa. Ndinatembenuka msangamsanga kuwapatsa nsana, ndipo ndinamva kuti nawonso atembenuka. Tinaima choncho, nsana kwa nsana, nthawi yokwanira kuphika mbatata. Ndinkangoganiza za mawu aja akuti iwe. Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo za mkamwini amene anatchula mpongozi wake kuti iwe n'kukhalabe pamudzi.

Pakati pathu, chapambali pang'ono, panali mtengo wa msuku. Apongozi anatsokomola, kenako anayamba kuyankhula ndi mtengowo.

"Msuku iwe, tawafunsa a boma latsopanowa. Wakubayo ali kuti? Ine ndikufuna ndimuone nawo."

Ndinagwada pansi ndili chipenyere kwina, nanenso n'kuyang'ana msukuwo.

"Msuku, uwauze amayi kuti maso anandinamiza. Ndimayesa ndi munthu wina."

"Msuku, uwafunse ngati ine si munthu."

"Msuku, uwauze kuti ndi munthu ndithu, munthu wamkulu. Koma uwakumbutseko pang'ono, mwaulemu, kuti pamsonkhano paja panamangidwa lamulo."

"Lamulolo ndinalimva," anatero apongozi, akuuzabe msuku. "Amene anamanga lamulolo amamwa madzi a mumtsuko. Mtsuko umapsa ndi moto. Nkhuni za Loweruka ndi tizitsotso tophikira ndiwo. Uwafunse ngati mtsuko ungapse ndi tizitsotso."

Apa msuku sunandithandize. Kenako apongozi anasintha mawu, n'kuyankhula mofatsa ngati munthu wodera nkhawa.

"Msuku iwe, taona mtengo uwu wadulidwa kale kupitirira theka. Ukasiyidwa chonchi udzagwera munthu wodutsa. Mlonda wanzeru angausiye? Ine manja anjenjemera ndi wezulo uja, sindingathenso."

Ndinamva nkhwangwa ikuikidwa pansi, iwo n'kusunthira kutali. Ndinayenda chafutambuyo mpaka ndinaipeza ndi chidendene. Ndinatema kanayi kokha, mtengo n'kugwa. Ndinasadza nthambi, popeza msuku unauzidwa kuti nthambi zosiyidwa zimakola anthu miyendo. Pomaliza msuku unauzidwanso kuti msana wa munthu wokalamba sunganyamule chipika chotere, ndipo kuchisiya kuti chiwole kungakhale kuwononga kawiri.

Ndinasenza chipikacho paphewa, nkhwangwa kudzanja. Popeza mwambo sunkalola kuti tiyende njira imodzi, apongozi anatsika ndi kanjira ka kudambo, ine n'kutenga njira yaikulu. Ndinali ndekha, ndi mtengo wauwisi ukudontha madzi, nkhwangwa, ndi wezulo ukulendewera pachifuwa, pamene ndinamva belu la njinga. Akatekisiti ankachokera kokaona wodwala.

Anatsika panjinga. Anayang'ana chipika, nkhwangwa, wezulo, kenako ine.

"Alonda," anatero, "mwagwira munthu lero?"

"Ndagwira, akatekisiti."

"Ali kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Amene wadula mtengowu ndani?"

"Womaliza kudula ndine," ndinayankha, chifukwa sindikananama kwa munthu amene ankatiphunzitsa za kulapa.

Anapukusa mutu mwachisoni, koma ndinaona kuti m'maso mwawo muli kachimwemwe ka munthu amene wapeza nkhani ya msonkhano. Anati mlandu udzakambidwa Lamulungu.

Nditafika kunyumba ndinamufotokozera mkazi wanga zonse. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Iye anakhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka misozi, akumandipempha kuti ndibwerezenso pamene ndinagwadira msuku.

"Ndiye ndichite chiyani?" ndinamufunsa.

"Mukanena kuti ndi amayi, mudzayambe mwamanga katundu wanu," anatero akupukuta misozi. "Mukapanda kunena, muthirira mitengo chilimwe chonse. Mitsuko ilipo, amayi aumba yambiri."

Ndinasankha kukhala chete. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti mwina andilanda wezulo, ndipumule.

Lamulungu mudzi wonse unabwera, ndi ena omwe anali asanapondeko kutchalitchi chiyambire Pasaka. A komiti anakhala kutsogolo pamabenchi awiri atsopano amene anali atangokhomedwa sabata yomweyo. Ine ndinakhala pansi pakati pa bwalo, chipika chija chili pambali panga ngati mnzanga wa mlandu. Apongozi anakhala kumbali ya amayi atandipatsa nsana.

Akatekisiti anayankhula nthawi yaitali za munthu wopatsidwa udindo amene amagwa m'mayesero. Amalume aja anaimirira n'kunena kuti achita manyazi kwambiri, popeza ndiwo ananditchula, ndipo anapempha kuti chilango changa chikhale chowirikiza kuti ena atengerepo phunziro. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndilibe. Akatekisiti anali atatsegula kale pakamwa kuti agamule pamene apongozi anaimirira, osatembenuka.

"Mtengo uja ndinayamba kudula ndine," anatero. "Mwana wa eni akeyu wangomaliza ndi kunyamula, chifukwa anamulera bwino kwawo. Ngati pali kuthirira mitengo, ndithirira. Koma sindithirira ndekha. Akatekisiti, taimirirani."

Akatekisiti anadabwa, koma anaimirira.

"Tatembenukani anthu aone."

Anatembenuka. Kumbuyo kwa buluku loyera lija kunali mizere iwiri yofiira ngati magazi. Mayi wina anaphulika kuseka, ndipo onse anatsatira. Mabenchi aja anali a mlombwa, ndipo aliyense wa kumudzi amadziwa kuti mlombwa wouma sukha utomoni wofiira.

"Mabenchiwa ndi a nyumba ya Mulungu," anatero akatekisiti akuyesa kudziyang'ana kumbuyo.

"Phirilo ndi la yani?" anafunsa apongozi. "Mlombwa umenewu unali pamwamba pa chitsime penipeni. Unagwa Lachiwiri lapitalo, mlonda wanu ali mbali ina akuthamangitsa mbuzi."

Sanalekere pomwepo. Anatembenukira kwa mchimwene wawo, amalume aja.

"Achimwene, chigafa chanu chachitatu chili ndi nsanamira zatsopano zisanu ndi imodzi. Zinamera zokha? Nkhwangwa yanu timaidziwa tonse, mpini wake ndi wogwedera, imalira ngati munthu wa chifuwa."

Amayi ena anayamba kuthirira ndemanga. Zinaoneka kuti poyenda ulendo wa kumtsinje m'mawa uliwonse, amayiwo ankamva nkhwangwa iliyonse ya kuphiri ndipo ankadziwa mwini wake ndi kaliridwe kokha. Wina anatchula ya aphunzitsi, wina ya mwamuna wake yemwe. Amuna anali atagawana nthawi: ankayang'ana kumene ine ndalowera, iwo n'kukwera mbali inayo. Pofika masana panalibe nyumba imene sinatchulidwe, kupatula ya agogo ogontha aja, amene ankangomwetulira osadziwa chikuchitika.

Chigamulo chinali chosavuta, popeza oweruza ndi oweruzidwa anali omwewo. Mudzi wonse unalangidwa. Tinagwirizana kuti nyumba iliyonse idzale mitengo ya mikuyu ndi ya katope pamutu pa dambo, ndipo pamenepo pasadzafikenso nkhwangwa, ngakhale ya tchalitchi. Mbali ya kuseri kwa phiri inapatulidwa kuti wofuna nsanamira kapena nkhuni zowotchera mbiya azikadula atapempha komiti, ndipo azisiya chitsa chofika m'bondo kuti chiphukenso. Za moto, akuluakulu anati kuletseratu n'kupusa, chifukwa udzu ukaunjikana moto wa mwezi wa Okutobala umapha ndi mitengo yomwe. Tinapangana kuti tiziwotcha tonse pamodzi nthawi yozizira, udzu usanaumitsitse.

Ine ndinakweza dzanja n'kupempha kuti, popeza ndalephera, wezulo apatsidwe wina. Anakana. Anati amayi ndiwo akhale makutu, apongozi akhale mkulu wawo, ine ndikhale miyendo yothamangira kumene makutuwo amva.

Apa panabuka vuto lina. Mkulu wa alonda ndi mlonda wake sankayankhulana. Apongozi akamva nkhwangwa ankathamangira kwa mkazi wanga, mkazi wanga n'kundifunafuna kumunda, ine pofika kuphiri n'kupeza masamba okha. Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo patatha sabata zitatu anakana.

"Ine sindine positi ofesi," anatero. "Muyankhulane, apo ayi phirilo lithe."

Akuluakulu anakhala pansi n'kuvomereza kuti mwambo wothawanawo umasulidwe msanga, osadikira kuti mwana abadwe kaye monga zimakhalira. Ndinapita kunyumba kwa apongozi ndi tambala, iwo anandipatsa mtsuko watsopano, ndipo tinakhala pamphasa moyang'anana kwa nthawi yoyamba. Ndinkayembekeza mawu a madalitso. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti:

"Bambo, mumayenda mwaphokoso ngati ng'ombe yomangidwa belu. Tsiku lija ndinakumvani muli kutali. Ndinangofuna wondinyamulira."

Kuyambira pamenepo tinagwira ntchito limodzi zaka zambiri, ndipo ndinganene kuti pamudzi ponse panalibe munthu amene ndinkacheza naye momasuka ngati iwo. Anandiphunzitsa kuponda mwakachetechete, kusiyanitsa phazi la gwape ndi la mbuzi, ndi kuzindikira msampha wa waya poona mmene udzu wagonera. Amene tinkawagwira sanali ambiri, chifukwa munthu ukadziwa kuti mkazi wako yemwe akumvetsera nkhwangwa yako, dzanja limalemera.

Madzi sanabwerere msanga. Chilimwe chotsatira chitsime chinaumanso, ndipo amuna anang'ung'udza kuti tavutika pachabe kusenza mitsuko kukathirira timitengo. Chilimwe chachiwiri munatsala matope okha. Koma zitsa za kuphiri zinali zitaphuka, udzu wa m'dambo unakula, ndipo chilimwe chachitatu chitsime chinasunga madzi mpaka mvula yoyamba. Kaya inali mitengo yathu, kaya mvula inangogwa bwino zaka zimenezo, sindingalumbire. Ife tinati ndi mitengo, ndipo amayi anaphika thobwa.

Nkhalango itabwerera, eni ake anabwereranso. Zinayamba ndi nkhanga, kenako agwape, ndipo tonse tinakondwa. Pambuyo pake kunabwera nguluwe. Munda wa mkamwini umakhala kumapeto kwa minda yonse, ndipo wanga unali m'tsinde mwa phiri penipeni. M'mawa wina, chimanga chitayamba kukhwima, ndinapeza mbali yonse ya kumtunda itagona pansi, mtedza utafukulidwa ngati mwadutsa khasu la ng'ombe.

Ndinakadandaula ku komiti. Akatekisiti anabwera kudzaona, ndipo nkhope yawo inawala.

"Nguluwe zenizeni!" anatero. "Zaka zingati tisanazione kuno? Ntchito yathu yabala zipatso."

"Zipatso zake ndi chimanga changa, akatekisiti."

Sanandimve. Lamulungu analengeza nkhaniyi m'tchalitchi ngati uthenga wabwino, ndipo anthu a midzi ina akabwera kudzafunsa mmene tinasungira phiri lathu, ankawatengera kumunda kwanga kukawaonetsa umboni. Apongozi ndiwo anandiimira. Anauza komiti kuti nyama zimene mudzi wonse waitana sizingadye kwa munthu mmodzi. Choncho nyumba iliyonse inandipatsa dengu la chimanga pokolola, tonse tinakumba ngalande yakuya m'malire a minda ndi phiri, ndipo anagwirizana kuti kamodzi pachaka, tikatha kukolola, kuzikhala uzimba wa mudzi wonse wosaka nguluwe zokha, kupatula zazikazi zokhala ndi bere kapena ana.

Uzimba woyamba anautsogolera ndi amalume aja, amene kwa sabata yathunthu ankatiuza za nguluwe zimene anapha ali mnyamata. Tinapita ndi agalu, mikondo ndi zibonga. Iwo anasankha kuima pakanjira kotsikira kudambo, atatangadza miyendo, mkondo uli m'mwamba, n'kutiuza kuti tiziwapirikitsira nyamazo kwa iwo. Agalu atauwa m'chitsamba, munatuluka chinguluwe chachikulu cha ndevu zotuwa. Sichinapatuke. Chinalowa pakati pa miyendo yawo n'kuwanyamula. Tinawaona akutsika phiri atakwera nguluwe chafutambuyo, atagwira mchira ndi manja awiri, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Pofika m'dambo nyama ija inakhota, iwo n'kupitirira okha mpaka m'matope.

Tsiku limenelo sitinaphe kanthu. Titawazula m'matopemo n'kuwakhazika pachulu, anapuma kwa kanthawi, kenako anatiuza kuti anaileka dala. Anati atakwera pamsana paja anaimva bwinobwino kuti ili ndi bere, ndipo iwo si munthu wophwanya malamulo a komiti. Tonse tinali titaona bwino lomwe kuti inali yamphongo, koma anali amalume, ndipo tinawathokoza.